Chaka Chimene Ndinatumbula Matemba

Kwathu ku Chiosya nsomba tinkazidziwa zouma. Zinkabwera panjinga tsiku la msika, usipa ndi bonya, nthawi zina kapenta wa ku Zambia, zitauma gwa moti sungaganize kuti zinakhalapo ndi mimba. Nsomba yaiwisi yophiriphitha m'manja ndinadzaigwira nditakwatiwa, amuna anga atanditenga chitengwa kubwera nane kumudzi kwawo, mbali ya ku Ludzi. Kumunsi kwa mudziwu kuli dambo lalikulu. Mvula ikamagwa limadzaza mpaka kumiza njira ya kuchigayo, ndipo ikasiya madzi amayamba kuphwa n'kutsala mathamanda apa ndi apo. M'mathamandamo ndi mmene mumatsakamira matemba ndi timilamba. Ndi ndiwo za kanthawi chabe. Dzuwa likalimba thamanda lililonse limauma palokha, nsomba n'kutha mpaka chaka china.

Chaka chimene ndikunenachi mwana wanga woyamba, wamkazi, anali atangoyamba kuyenda. Anadwala malungo mvula ili pakati. Atachira malungo anayamba kutsekula m'mimba, ndipo atasiya kutsekula anakana kudya. Bere ankayamwa, koma mkaka wanga unali utachepa. Phala ankalitsekera pakamwa, ukamukakamiza ankalisunga m'tsaya n'kudzalavula utayang'ana kumbali. Ndinayesa la nsinjiro, ndinayesa la soya, la mgaiwa lothira shuga pang'ono ndinayesanso, zonse chimodzimodzi. Kuyenda kuja anakusiya, anabwerera kukwawa.

Sikelo kwathu kuno imabwera kamodzi pamwezi, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Bambo a zaumoyo, amene tonse timangowatchula kuti adokotala, amapachika sikelo panthambi, ndipo akatha kuyeza thupi amakulunga kalamba pamkono wa mwana. Kalambako kali ndi mitundu itatu. Kakathera pobiriwira ndiye kuti mwana ali bwino, pachikasu wayamba kunyentchera, pofiira zavuta. Mwezi umenewo wanga anagwera pachikasu.

"Mayi, mwanayu akudya chiyani?" anafunsa adokotala.

"Akukana zonse, adokotala."

"Musamamufunse ngati akufuna. Kwanu kuja kuli dambo, si choncho? Muzimupatsa tinsomba. Muziphika tifewe, muzimufinyira ndi zala. Mwezi wamawa ndimuone atabwerera pobiriwira."

Ndinawafotokozera amuna anga. Anakatsitsa mono umene unali padenga la khola, dengu lija la nsungwi lakukamwa kopapatiza loti nsomba ikalowa siituluka, anausoka pamene panadyedwa ndi chiswe, n'kukautchera pakangalande kolumikiza mathamanda awiri. M'mawa mwake anabwera ndi matemba odzaza kambale, ena akadali kulumpha.

Ine ndinatenga mpeni. Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu, atandiona anaseka mpaka anatula chidebe chimene anali atasenza.

"Alamu, mpeniwo mukufuna kupha mbuzi ya ndani?"

"Ndimati nditumbule."

"Matemba satumbula, inu a kumtunda inu! Mutsuke, muthire mchere ndi tomato, basi. Kuwawirako kwa m'mimba ndiye kukoma kwake." Anakhala pansi n'kuyamba kuvundula m'mbalemo ndi chala. "Ndipo taonani, awa otupa mimbawa ndi a mazira. Awa ndiye muzisankhira mwana. Enawa tidye ife okalamba."

Ndinaphika monga anandiuzira. Pa nthawi ya nkhomaliro mwana anali pamiyendo panga, ndipo ndisanamupatse n'komwe anatambasula dzanja yekha kuloza m'mbale. Ndinamufinyira temba limodzi, anameza. Ndinamufinyira lina ndi kansima kakang'ono koviika mumsuzi, anamezanso. Amuna anga anasiya kudya, anangoti maso pamwana. Palibe amene analankhula, tinkaopa kuti tikalankhula asiya.

Kuyambira tsiku limenelo nsomba anaipatsa dzina lake, ankati "mba". Akangoona bambo ake akutulukira kuchokera kudambo ndi kambale, ankakwawa kuwachingamira akuti mba, mba. Ine m'mawa uliwonse ndinkakhala pakhonde n'kumasankha: otupa mimba mbale ya mwana, enawo mbale yathu. Ndikamamufinyira akapsa ndinkaona zoyera zofewa m'kati, mumtima n'kumati mazira aja ndi amenewa, idya mwanawe ukule. Otupawo anali ambiri ndithu, ndipo amuna anga ankati ndi osavuta kugwira chifukwa amayandama pamwamba ngati aledzera, moti ena ankangowatola ndi manja. Ine ndinkati ndi mwayi wa mwana wanga. Timasaya tinayamba kubwerera. Tsiku lina anaimirira atagwira mtondo, n'kuyenda mpaka pakhomo.

Ndiye kunacha tsiku lina ndili kutsuka matemba m'beseni. Panali limodzi lalikulupo, mimba ili tuu, lokongola moti ndinaliika padera. Polisisita kuti matope achoke chala changa chinapanikiza, mimba n'kuphulika. Sanatuluke mazira. Chinatuluka chinthu choyera, chaphanthiphanthi ngati kansalu komangira tsitsi, chitapindidwapindidwa. Chitagwera m'madzi chinatambasuka. Chinali chachitali kuposa nsomba imene chinatulukamo. Kenako chinafupika, chinatalikanso, chikuyenda pang'onopang'ono pansi pa beseni.

Kenako ndinatenga temba lina lotupa n'kulifinya. Chomwecho. Lina, chomwechonso, m'menemo zinali ziwiri zitakulungana. Ndinafinya mbale yonse ya mwana. A mazira enieni, timazira tachikasu tating'onoting'ono, analipo owerengeka. Ena onse anali ndi njoka, ndipo m'mimba mwa nsombazo munalibenso china, matumbo ataphwatalala m'mbali ngati njokayo inawakankha kuti ipeze malo.

Ndinaitana amuna anga, amene ankathothola mtedza kuseri. Anabwera, anasuzumira.

"Amake mwana, ndi mafuta amenewo."

"Mafuta amayenda, bambo ake?"

Anatola kachitsotso n'kuchitokosa chinthucho. Chinadzikunga. Anataya kachitsotsoko.

"Ife takula tikudya zomwezi. Ndafa ine?"

"Inu ndinu wamkulu. Uyu mimba yake ndi yotani?"

Alamu anamva phokoso n'kubwera. Iwo sanadabwe kwenikweni. Anati anazionapo, koma ankangoti ndi mmene matemba ena alili.

"Chilichonse chili ndi zake m'mimba, alamu. Inuyo titakutumbulani tipezamo maluwa?" Anatenga beseni n'kukhuthulira madziwo pabwalo. Nkhuku zinathamangira, zinalimbirana njokazo ngati mphutsi. "Mwaona? Nkhukuzo mawa mudzadya mazira ake osafunsa."

Ndinaseka nawo pang'ono, koma tsiku limenelo mwana ndinamupatsa phala, ndipo analikana.

Madzulo ake kumjigo nkhani inali itafika kale. Mayi wina wachikulire wa kumtunda kwa mudzi anandikokera pambali. Anati njoka zimenezo sizifa ndi moto, zimangokomoka, zikafika m'mimba mwa munthu zimatsitsimuka n'kumadya chilichonse chimene mwana wameza. Anati kwawo kunali mwana amene anatupa mimba chotero mpaka anapita. Sananene kuti mwanayo anadya matemba, ndipo ine sindinafunse. Nditabwerera kunyumba ndinamuvula wanga kuti ndimusambitse. Ndinamuyang'ana ataima m'beseni lomwe lija: timikono towonda, timiyendo towonda, mimba ili patsogolo tuu. Ndinaona temba. Ndipo amene ankamusankhira otupa mimba tsiku ndi tsiku, kuwachotsa m'mbale ya akuluakulu kuti iye adye yekha, ndinali ine.

Ndinasiya kumupatsa.

Masiku otsatira anali ovuta kuposa a malungo aja. Amuna anga ankabweretsabe matemba, ine ndinkaphika, iwo ankadya. Mwana akamva fungo ankakwawa mpaka kukhitchini akulira mba, mba, ine n'kumubereka kupita naye kuseri kwa nkhokwe mpaka mbale zitatsukidwa. Kumbuyoko ankandimenya ndi mutu pamsana. Akatopa ankagona ndi njala yake.

"Mwana anayamba kudya, inu mwamuletsa," anatero amuna anga. "Adokotala anati chiyani?"

"Adokotala sanaone zimene ndinaona ine."

"Ndiye adye chiyani? Mphepo?"

Ndinayesa njira ina. Ndinatenga lezala n'kukhala pakhonde kumatumbula temba limodzilimodzi. Temba ndi kansomba kofanana ndi chala, ukakang'amba pamimba theka limatsalira m'manja. Ntchito ya kambale kamodzi inkanditengera m'mawa wonse, ntchentche zili ng'waa. Amayi opita kumunda ankaima kuonerera. Alamu ankafuula ali pakhonde pawo:

"Anamwino, opaleshoni ikuyenda bwanji? Odwala apulumuka angati lero?"

Ndinatsuka otumbulawo kawiri, ndinaphika. Ndinamukhazika mwana pamiyendo, temba lili m'zala zanga, iye kukamwa yasa. Pomwepo ndinakumbukira kuti njoka inagona m'mnofu womwewu, mwina inasiyamo ana ake ang'onoang'ono oti maso sangaone. Dzanja linakana. Ndinapereka mbaleyo kwa bambo ake, mwana analira mpaka mawu anatha. Ndinati ndidikire sikelo, ndikafunse kwa amene anaphunzira.

Tsiku la sikelo kunali anthu ambiri chifukwa kunalinso katemera, ndipo adokotala anabwera okha. Ana akulira, amayi akukankhana pamzere, mphepo ikuulutsa mapepala. Itafika nthawi yanga anamupachika mwana, anamukulunga kalamba. Kanali pachikasu pomwe paja. Anali atayamba kale kuyang'ana wotsatira pamene ndinalankhula.

"Adokotala, ndimafuna ndifunse za njoka."

"Njoka? Mankhwala a njoka anamwa liti mwanayu?"

"Sanamwepo, koma ine ndimanena za m'nsomba..."

"Eya, nsomba muzimupatsabe, musasiye." Anatulutsa piritsi m'botolo, analiphwanya pasupuni n'kumumwetsa mwana pomwepo. "Njoka zithera pamenepa. Wotsatira!"

Mayi wa kumbuyo kwanga anali atandikankha kale ndi chigongono. Ndinaima pambali mwana ali kumsana, ndikuganiza kuti mwina mzere ukatha ndibwerere. Koma ndinkadzifunsa kuti kodi andiyankha kapena sanandiyankhe? Anati nsomba muzimupatsa. Anatinso njoka zitha. Koma njoka zimene ankanena iwo ndi za m'mimba mwa mwana, ine ndinkanena za m'mimba mwa nsomba, ndipo mawu ake ndi amodzi omwewo. Mzere usanathe kunabwera njinga yamoto kudzawatenga kuti kwina mayi wadwala. Anamangirira sikelo n'kupita.

Patapita masiku pang'ono, ndikusintha mwana thewera, ndinapezamo njoka. Inali yakufa, yaitali ngati nyongolotsi yaikulu, yobulungira, yosongoka mbali zonse ziwiri. Ndinaitana amuna anga. Ulendo uno sananene za mafuta. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anamuyang'ana mwana, kenako anatsikira kudambo. Anabwerako ndi mono paphewa, ukudontha madzi, n'kuuponya padenga la khola pomwe anautenga paja.

Ine ndinaona kuti njoka ziwirizi sizikufanana. Ya m'nsomba inali yoyera ndi yaphanthiphanthi, iyi yobulungira ndi yofiirira. Ndinawauza alamu, iwo anati, "Ndiye si imeneyo." Ndinamuuza mayi wa kumjigo uja, iye anati, "Yanenepa ndi zakudya za mwana wanu, mumati ikhala chimodzimodzi?" Onse awiri ankalankhula motsimikiza. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, za njoka tinaphunzira zoti tizisamba m'manja ndi kuvala nsapato kuchimbudzi. Za nsomba palibe anatiuzapo.

Ndinaganiza zoti mwina zouma zili bwino. Tsiku la msika ndinapita pamalo ogulitsira nsomba, kwa bambo wina wachisilamu amene amakhala ndi milu ya bonya ndi kapenta pathebulo.

"Achimwene, nsomba zanuzi zilibe njoka m'mimba?"

Anandiyang'ana, anakankhira kachipewa kake kumbuyo.

"Mayi, ine zimandipeza zitauma kale. Sindinazifunsepo zimene zinadya."

"Ndikufunsira mwana."

Atamuona mwana kumsana anasiya kuseka. Anatola bonya mmodzi, anamuthyola pakati, anandionetsa. Munalibe choti n'kuona, fumbi lokhalokha lakuda.

"Dzuwa limene laumitsa izi, njoka ingapirire? Kaya, mayi. Ine ana anga amadya."

Ndinagula kamulu kamodzi. Ndinasinja, ndinasefa, ndinathira m'phala. Mwana analawa, anakwinya nkhope, analavula. Ndinaphika ndi tomato kuti afewe ngati matemba aja, anatembenuza mutu. Sanali mba wake. Dzira ankadya theka tsiku limene nkhuku yaikira, nthochi ankanyambita n'kutaya. Timasaya tija tinabwerera m'kati. Kuimirira pamtondo kunatha.

Anthu ena amandifunsa kuti bwanji sindinapite kuchipatala chachikulu. Chili kutali, inali nthawi yokumba mtedza ndi kukolola chimanga, ndipo mwana thupi silinkatentha, sankatsekula, sankatsokomola. Ukaima pamzere wa anthu obwera pamachira, akakufunsa kuti chavuta n'chiyani, unene kuti ndabwera kudzafunsa za matemba? Ndinkadziuza kuti sikelo ili pafupi, ndipirire. Kupirira ndimatha. Koma mwezi umenewo ndinkati ndikayang'ana kudambo, ndinkaona akakowa atachuluka pamathamanda, ndipo ndinkadziwa kuti mbalamezo zimachuluka madzi akamatha.

Litayandikira tsiku la sikelo ndinapita kwa alamu. Iwo ankapitabe kudambo ndi amayi anzawo kukakokera matemba ndi neti yakale ya udzudzu.

"Alamu, mawa mukandipezereko temba limodzi lotupa mimba. Lamoyo ngati kungatheke."

"Limodzi? Mukukalipereka kwa asing'anga?"

"Ndikufuna adokotala akalione ndi maso."

Sanaseke. Anati ayesa, koma mathamanda ambiri auma, latsala lakumunsi lokha, nalonso ng'ombe zalipondaponda. M'mawa mwake anandibweretsera, lili m'tsamba la nthochi. Ndinalimanga pakona ya chitenje pamodzi ndi lezala.

Ulendo uno ndinakhala kumapeto kwa mzere dala. Aliyense wobwera mochedwa ndinkamuuza kuti tsogolani. Dzuwa linafika pamutu, mwana anagona, anadzuka, anagonanso. Pomaliza tinatsala ine ndi adokotala, ndi amayi angapo amene ankadikira anzawo. Anamukulunga kalamba. Anakamasula, anakakulunganso bwinobwino. Kanathera pamalire penipeni pa chikasu ndi pofiira.

"Mayi, ndinakuuzani chiyani? Nsomba zija mukumupatsa?"

"Ndinasiya, adokotala."

"Chifukwa?"

Sindinayankhe ndi pakamwa, ndinaopa kuti mawu andisokonezanso. Ndinamasula chitenje, ndinayala tsamba pabenchi, ndinang'amba temba ndi lezala. Njoka inatuluka, yofooka koma ikugwedezeka. Adokotala anabwerera m'mbuyo.

"Iii! N'chiyani chimenechi?"

"Ndi njoka imene ndinkafunsa ija."

Anawerama, anavala magalasi, anaitembenuza ndi chivindikiro cha cholembera. Amayi aja anabwera kudzaunjikana. Ndinafotokoza zonse, za kusankha otupa mimba, za mayi wa kumjigo, za njoka ya m'thewera. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi, ndisakunamizeni, ichi ine sindinachionepo. Ife za nsomba sitinaphunzire. Koma njoka imene anatulutsa mwanayo ndikuidziwa, ndi ya m'dothi. Ana okwawa amakhala nazo, ngakhale amene sanalawepo nsomba. Si iyi ayi."

"Nanga iyi ikalowa mwa mwana?"

"Chimene ndikudziwa n'choti chinthu chikawira pamoto mpaka kupsa, chafa. Palibe zokomoka. Choopsa ndi nsomba yosapsa."

"Ndiye ndimupatse?"

"Chotsani zimenezi, mutsuke, muphike kwambiri, mumupatse. Mwanayu chimene chikumupweteka panopa ndi njala, osati ichi." Anavula magalasi. "Bwanji simunafunse mwezi watha?"

"Ndinafunsa, adokotala."

Anandiyang'ana. Ndikuganiza kuti anakumbukira, chifukwa anayang'ana botolo la mapiritsi lija. Ine sindinawakwiyire. Tsiku lija anali okha, ana anali ambiri, ndipo njoka ndi njoka. Ndinangofunsanso funso limodzi, limene linkandivuta kwambiri.

"Akanakhala wanu, mukanamupatsa?"

Anayang'ananso njoka ija patsamba.

"Ndikanachotsa kaye," anatero. "Koma ndikanamupatsa."

Ndinabwerera kunyumba mothamanga, mwana akudumphadumpha kumsana. Amuna anga ndinawapeza akutola mtedza pabwalo. Nditawauza anadzuka n'kukatsitsa mono, alamu anatenga lichero, tinatsikira kudambo tonse. Ine ndinali ndisanapiteko kuyambira tsiku la beseni lija.

Kangalande kotchera mono kanali njira ya mbuzi. Thamanda loyamba linali ming'alu yokhayokha, matope atauma n'kupindika ngati mapale. Lachiwiri chimodzimodzi, pakati pake pali timinga ta nsomba ndi zitosi zoyera za mbalame. Amuna anga anaimika mono pansi, poti panalibe poutchera. Tinayenda mpaka thamanda lakumunsi limene alamu ananena. Silinalinso thamanda. Anali matope a phalaphala, madzi atatsalira m'mapazi a ng'ombe mokha. Akakowa anauluka titayandikira, anakatera pafupi pomwepo kudikira kuti tichoke.

Tinalowa m'matopemo mpaka m'mawondo. Alamu ankatunga ndi lichero, ine ndi amuna anga tinkapapasa ndi manja dzenje lililonse la phazi la ng'ombe. Mwana anali kumsana, akuyang'ana. Temba loyamba analigwira ndi bambo ake, analikweza m'mwamba, mwana anati, "Mba." Mawu ake anali aang'ono moti ndinawamva ndi msana kuposa ndi makutu. Tinapapasa mpaka matope onse tinawatembenuza. Matemba onse amene tinapeza anakwana m'dzanja langa limodzi, ndipo pafupifupi onse anali otupa mimba.

"A mazira okhaokha," anatero alamu, koma palibe anaseka, ngakhale iwo eni.

Kunyumba ndinakhala pakhonde ndi lezala. Alamu anakhala pambali panga, anatenga lezala lina, tinatumbula limodzi. Njoka sitinapatse nkhuku, ndinaziponya pamoto. Titachotsa zonse nsombazo zinachepa kwambiri, zinangophimba pansi pa kapoto. Ndinatsuka, ndinathira madzi, anawira mpaka anaphwa. Ndinathiranso ena, anaphwanso. Amuna anga anati zapsa kale zimenezo, ine ndinathiranso kachitatu. Pomaliza sizinkaonekanso ngati nsomba, linali phala lofiirira la minga yofewa.

Ndinamukhazika pamiyendo. Dzanja linafunanso kukana, sindibisa. Adokotala anali atanena okha kuti chinthucho sanachionepo, ndipo mawu a mayi wa kumjigo anali asanatuluke m'mutu mwanga. Koma ndinali nditaona pamene kalamba kanathera. Ndinatapa ndi chala n'kumupatsa. Anameza. Ndinamupatsa ndi kansima, anameza. Ankagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri kulikokera kukamwa, ngati akuopa kuti ndimuberekanso kupita naye kuseri kwa nkhokwe. Posachedwa m'poto munayera. Ndinakombeza m'mbali ndi chala, ananyambita. Kenako anasuzumira m'potomo yekha, anandiyang'ana.

"Mba. Ina."

Ndinayang'ana bambo ake. Iwo anayang'ana kudambo.

Mwezi wotsatira kalamba kanalowa pofiira, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu chija kukalandira chiponde. Mwana wanga alipo, amathamanga, amalongolola ngati azakhali ake. Koma akaima ndi anzake obadwa nawo chaka chimodzi, iye amawafika m'mapewa. Ena amati watengera kwathu, ndife aafupi. Ena amati ndi malungo aja. Palibe amene angandiuze kuti zikanakhala bwanji akanadya matemba nyengo yonse ija madzi adakalipo, monganso palibe amene anandiuzapo dzina la chinthu choyera chija kapena kumene chimachokera.

Tsiku lija atati ina, ndinathira timadzi m'poto, ndinagwedeza, ndinabwezera pamoto kuti tiwire. Tinali timadzi ta fungo la nsomba chabe. Ndinatipozetsa n'kumumwetsa ndi supuni. Anamwa tonse, n'kuloza m'poto kachiwiri.